Majini amene ndinawauza amayi

Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale muno mu Blantyre, ndipo chaka ndi chaka ndimauza ana a eni kuti asamatole liwu pongoona kuti lili pafupi, koma aziyamba adzifunsa kuti womvayo alilandira bwanji. Liwu limene landisowetsa mtendere kwa zaka ziwiri tsopano ndinalitola ndine ndemwe, ndipo ndinalitchula pamaso pa amayi ondibereka, tsiku limene tinauzidwa dzina la matenda a achemwali anga.

## M'chipinda cha dokotala

Tinalimo anthu anayi m'chipindamo: dokotala, achemwali, ine, ndi amayi amene anali atafika mmawa womwewo kuchokera kumudzi ku Chiradzulu. Achemwali anali atataya magazi kwa miyezi yambiri asanauze munthu. Anali ndi zaka 43, ndipo ankaganiza kuti ndi mmene thupi limachitira munthu akamayandikira kusiya kusamba. Ankagulitsa kaunjika ku Limbe, ndipo kwa munthu wa kaunjika tsiku lotandala pamzere wa kuchipatala ndi tsiku limene ana agone ndi njala, choncho ankangoti apita mwezi wamawa.

Dokotalayo anali munthu wodekha. Anafotokoza kuti kanyama kamene anatapa pakhomo la chiberekero kaonetsa kuti ndi khansa, ndiponso kuti yafalikira kale m'mbali moti kuchotsa chiberekero sikungathandizenso. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa zimene kholo lililonse likanafunsa: "Nanga chayambitsa n'chiyani, adokotala? Mwana wanga samwa, sasuta." Dokotala anayamba kuyankha m'Chichewa ndipo anatchula za kachirombo, koma atafika pa zimene zimachitika m'kati mwenimweni mwa thupi anatembenukira kwa ine, n'kupitiriza m'Chingerezi, nandipempha kuti ndiwamasulire amayi m'mawu amene angamve. Ine ndinati: "Amayi, akuti majini a m'thupi mwa achemwali asokonezeka."

Amayi sanafunsenso kanthu. Anakonza mpango wawo wakumutu, anayang'ana pansi, n'kunena chapansipansi kuti, "Ndinkadziwa ine."

Pa nthawiyo sindinazindikire chimene ndachita. Liwu lakuti majini ndinali nditalizolowera m'mabuku monga dzina la tinthu ta m'thupi timene timasunga chibadwa cha munthu. Koma kwa amayi, ndi kwa anthu ambiri a msinkhu wawo, majini ndi mizimu yoipa imene munthu wanjiru amatumizira mnzake. Iwo anamva kuti dokotala wophunzira, wovala zoyera, watsimikiza zimene mtima wawo unkanena kale. Sabata isanathe dzina la wotumiza linali litapezeka: mayi wina wogulitsa nawo kaunjika amene anakanganapo ndi achemwali pa nkhani ya malo. Ndalama zina zimene tinasonkha pachibale zinapita kwa asing'anga. Sindikunena kuti zimenezi ndizo zinapha achemwali, pakuti dokotala anali atanena kale kuti tafika mochedwa. Koma miyezi 9 imene anakhala ndi moyo pambuyo pake inadzaza ndi kulozana chala, ndipo mayi uja, amene kale ankadyera nawo mbale imodzi kumsika, sanathe kufika ngakhale pamaliro.

## Funso la usiku wopanda magetsi

Titaika maliro, mwana wawo wamkazi anabwera kudzakhala nane ku Chilomoni, popeza ndine malume wake. Ndi mtsikana wofatsa amene sakonda kuvutitsa akuluakulu ndi mafunso. Usiku wina magetsi atazima ankawerenga Biology ndi tochi ya pafoni, ndipo ndinaona kuti papita nthawi tsamba lisakutembenuka. Kenako anati: "Amalume, aphunzitsi anatiuza kuti majini timatengera kwa makolo, theka kwa amayi, theka kwa abambo. Inu munati amayi anadwala chifukwa majini awo anasokonezeka. Ndiye kuti ineyo ndinatengera?"

Ndinamuuza kuti ayi, koma linali yankho la munthu wamantha, losachokera pa kudziwa, ndipo mwanayo anamva kusiyana kwake. Liwu limodzi lomwe lija linali litabala mantha awiri m'banja limodzi: agogo ankaopa mdani wakunja, mdzukulu ankaopa magazi ake omwe. Kuyambira usiku umenewo ndinayamba kuwerenga, ndi kukhala pansi nthawi ya buleki ndi mnzanga wophunzitsa Biology, mpaka pamene ndinamvetsa mokwanira kuti ndingayankhe mwana wa mlongo wanga ndikumuyang'ana m'maso.

## Cholakwika chimodzi m'makope ambiri

Chimene chinanditsegula mutu ndi chinthu chimene ndimachiona ndikamachonga. Mabuku ndi ochepa, choncho ana amakopera manotsi, uyu kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina. Nthawi zina ndimapeza liwu lolembedwa molakwika mofanana ndendende m'makope angapo a kalasi imodzi, ndipo ndikalondola bwino ndimakafika pa mwana mmodzi amene analakwitsa poyamba. Amene anakopera kwa iye anatenga cholakwikacho mokhulupirika, ena n'kuwonjezerapo chawo, moti kope la womaliza limakhala ndi zolakwika zitatu kapena zinayi zosanjikizana, chilichonse ndi mwini wake.

Thupi nalo limakhala ndi moyo chifukwa cha kukopera. Munthu wamkulu ali ndi maselo, tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi, pafupifupi 30 thililiyoni, ndipo onsewo anachokera ku selo limodzi limene linagawikana pawiri, awiriwo n'kukhala anayi, mpaka kukhala munthu. Kupatula maselo ofiira a magazi, maselo athu amasunga m'kati mwawo malangizo a thupi lonse, olembedwa pa kaulusi kotchedwa DNA ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T. Zilembo zopitirira 3 biliyoni timalandira kwa amayi, zina zochuluka chimodzimodzi kwa abambo, ndipo zonsezo zimamangidwa m'mitolo 46 yotchedwa ma chromosome. Ndime iliyonse ya malangizowa imene imauza selo kapangidwe ka puloteni inayake, kutanthauza kachipangizo kamene kamagwira ntchito m'selo, ndiyo jini, ndipo majini oterowo alipo pafupifupi 20,000.

Selo lisanagawikane liyenera kukopera zilembo zonsezo. Limakopera mosamala kuposa mwana aliyense amene ndinamuphunzitsapo, ndipo lili ndi mapuloteni ochonga amene amabwerera m'mbuyo kukonza polakwika, komabe pamatsala cholakwika apa ndi apo. Palinso zinthu zimene zimafufuta kapena kusintha zilembo: utsi wa fodya m'mapapo, dzuwa pakhungu la abale athu achialubino, ndi poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino amene amakafika kuchiwindi. Zolakwika zambiri sizivulaza, monga mmene chilembo cholakwika m'mphepete mwa tsamba sichisintha nkhani. Zoopsa ndi zimene zagwera pa majini ochepa aja amene amalamula kuti selo ligawikane liti, liime liti, ndiponso life liti.

Selo limodzi likalandira cholakwika chotero limayamba kuswana mofulumirapo kuposa anzake, ndipo ana ake onse amatengera kope lolakwikalo. Mwa zidzukulu zake wina amawonjezera cholakwika chachiwiri, ndipo pakapita zaka wina amawonjezera chachitatu. Katswiri wina wa ku Philadelphia, Peter Nowell, anafotokoza zimenezi mu 1976: chotupa cha khansa, ngakhale chikule bwanji, ndi mbumba ya selo limodzi, ndipo m'mbumbamo amene apambana ndi amene akuswana mosamvera. N'chifukwa chake khansa zambiri zimakonda anthu achikulire, pakuti zolakwikazo zimafuna nthawi kuti ziunjikane mumzere umodzi.

## Alonda

Majini olamulira kugawikana ali m'magulu awiri. Ena amauza selo kuti liyambe, ndipo popanda iwo bala silikanapola, mwana sakanakula m'mimba. Ena amauza selo kuti liime. Khansa imabwera pamene oyambitsa akana kutonthola ndipo oimitsa atsekedwa pakamwa.

Mbiri ya gulu loyambalo inandikhudza chifukwa cha amayi. Mu 1911 Peyton Rous ku New York anaonetsa kuti kachirombo kena kamayambitsa chotupa mwa nkhuku, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ena ankaganiza kuti jini loyambitsa khansa ndi mlendo amene amalowa m'thupi kuchokera kunja. Mu 1976 Michael Bishop ndi Harold Varmus ku San Francisco anapeza kuti jini la kachirombo ka nkhukuko lili ndi mbale wake m'maselo a nkhuku yabwinobwino, ndipo pambuyo pake linapezekanso mwa anthu. Kachiromboko kanangolitola kalekale m'selo n'kulipotoza. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1989. Majini amene amayendetsa khansa ndi athu omwe, tonse tinabadwa nawo, ndipo amatitumikira bwino mpaka tsiku limene chilembo china chasintha.

M'gulu la oimitsa, wamkulu ndi jini lotchedwa TP53, limene limapanga puloteni ya p53, yomwe inapezeka mu 1979. DNA ikawonongeka, p53 imaimitsa selo kuti lisagawikane mpaka powonongekapo patakonzedwa, ndipo ikaona kuti zawonongeka mosakonzeka imalamula selolo kuti lidziphe. Selo limafota mwakachetechete n'kumezedwa ndi maselo ena, thupi n'kupulumuka mwini wake osamva kanthu. Pafupifupi theka la khansa zonse za anthu zimapezeka ndi jini limeneli lili lowonongeka. Poizoni wa chuku uja amakonda kusintha chilembo chimodzi pamalo amodzimodzi a jini lomweli m'maselo a chiwindi, moti akatswiri akaona chipsera chimenecho amazindikira amene anadutsapo. Mnzanga wa Biology anandiuzanso za njovu zimene timaona ku Majete. Nyama ya maselo ochuluka choncho, yotha kukhala zaka 60, ikanayenera kutha ndi khansa, koma sizichitika kawirikawiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti jini limene ife tili nalo pamalo amodzi, njovu ili nalo pamalo pafupifupi 20.

Mlonda wachiwiri amene ndiyenera kumutchula ndi puloteni ya Rb, imene imagwira mpiringidzo wa chitseko chimene selo limadutsapo likamapita kukakopera DNA yake. Mayina awiriwa, p53 ndi Rb, ndi amene ali pakati pa nkhani ya achemwali.

## Zimene zinachitika pakhomo la chiberekero

Dokotala uja anatchula kachirombo, ndipo liwu limenelo ndilo ndinayenera kuligwira m'malo mothamangira majini. Dzina lake ndi HPV. Kali ndi mitundu yopitirira 200, yambiri mwa iyo yongoyambitsa njerewere kapena yosachita kanthu, koma yoposa 10 ndi yoopsa, ndipo iwiri yokha, wa 16 ndi wa 18, imayambitsa pafupifupi 7 mwa khansa 10 zilizonse za khomo la chiberekero. Harald zur Hausen wa ku Germany ndiye anatsogolera gulu limene linapeza mitundu iwiriyi m'zotupa mu 1983 ndi 1984, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2008.

Pano ndiyenera kunena mosapita m'mbali, chifukwa nditayamba kufotokozera abale za kachiromboka ndinaona kulozana chala kwatsopano kukufuna kumera pamene kwakale kunali kusanazulidwe n'komwe. N'zoona kuti kachiromboka kamafala pogonana, koma n'kofala kwambiri moti pafupifupi munthu aliyense amene anagonanapo, mwamuna kapena mkazi, amakumana nako nthawi ina, ngakhale mayi amene wakhala ndi mwamuna mmodzi yekha moyo wake wonse. Sikaonetsa chizindikiro, ndipo mwa anthu 9 pa 10 alionse chitetezo cha m'thupi chimakachotsa zisanathe zaka ziwiri. Khansa imeneyi si umboni wa khalidwe la munthu. Achemwali anangokhala mmodzi wa ochepa amene kachiromboka kamakhazikika mwa iwo.

Kachiromboka n'kosauka. DNA yake ili ndi zilembo pafupifupi 8,000 zokha, ndipo sikangathe kudzikopera popanda zipangizo za selo limene likugawikana. Choncho kakalowa m'maselo apansi a khungu lofewa la khomo la chiberekero kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E7 imagwira Rb n'kuichotsa pachitseko paja. E6 imamata chizindikiro pa p53 kuti selo lenilenilo liitaye ngati chinyalala. Alonda awiri amene khansa zina zimatenga zaka zambiri kuti ziwagwetse mmodzimmodzi, kachiromboka kamawagwetsa pamodzi. Sikakhala kakufuna kupha munthu, kamangofuna kuti ntchito yokopera isaime. Koma selo lopanda alonda limagawikana ngakhale DNA yake ili yothyoka, ndipo zolakwika zimaunjikana popanda wochonga. Nthawi zina DNA ya kachiromboko imalowerera m'kati mwa chromosome ya munthuyo n'kukhazikikamo, ndipo zikatero E6 ndi E7 zimapangidwa mosalekeza.

Maselo abwinobwino amagawikana pafupifupi ka 50 n'kukalamba, chifukwa nsonga za ma chromosome zimafupika nthawi iliyonse imene zakopedwa, monga mkeka umene ukuyoyoka m'mphepete. E6 imadzutsa puloteni imene imalukanso nsongazo, selo n'kuiwala kukalamba. Mu 1951 mayi wina wachikuda wa ku Baltimore, Henrietta Lacks, anamwalira ndi khansa yomweyi ali ndi zaka 31. Maselo amene anatengedwa pachotupa chake iye osafunsidwa, amene ali ndi DNA ya HPV wa mtundu wa 18, akugawikanabe mpaka lero m'malo ofufuzira padziko lonse. Nditawerenga zimenezi ndinaika bukulo pansi kwa kanthawi, chifukwa mayiyo anasiya ana monga anachitira achemwali.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kutalika kwa nthawi. Kwa mayi wa chitetezo chabwino, kuchokera pamene kachirombo kakhazikika kufika pa khansa pamapita zaka 15 mpaka 20. Kwa amene chitetezo chawo chafooka pamapita zaka 5 mpaka 10, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka ka 6 kuposa anzawo. Zaka zonsezo maselo osokonezekawo amakhala ali pamwamba, asanaboole kansalu kopyapyala kamene kamalekanitsa khungu ndi mnofu wapansi. Pa nthawi imeneyi namwino akapaka viniga pakhomo la chiberekero, malo osokonezekawo amayera pakangopita mphindi imodzi, ndipo amatha kuwawotcha tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotentha, mayi n'kubwerera kwawo akuyenda yekha. Kuyeza kumeneku kumachitika m'zipatala zambiri za boma popanda kulipira. Ndikawerengera m'mbuyo, n'kutheka kuti selo loyamba lija linasokonezeka m'zaka zimene achemwali ankasenza mabelo kuti ine ndimalize sukulu.

Maselowo akaboola kansalu kaja amayamba kuitana mitsempha yatsopano ya magazi kuti iwadyetse, koma mitsempha imeneyo imakhala yomangidwa mothamanga ndipo siichedwa kung'ambika. Magazi amene achemwali ankawaona ngati chiyambi cha vuto anali uthenga wakuti ulendo wa zaka zambiri wafika kale patali. Muno m'Malawi amayi opitirira 4,000 amapezeka ndi khansa imeneyi chaka chilichonse ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira nayo, zimene zimaika dziko lathu pakati pa mayiko ovutika nayo kwambiri padziko lonse.

## Yankho la mwana

Loweruka lina ndinamuitana mwanayo pakhonde, n'kumuuza chonchi: "Zolakwika zimene zinatenga amayi ako zinalembedwa m'maselo a pakhomo la chiberekero chawo, iwo ali kale munthu wamkulu. Dzira limene iwe unachokera silinakopere kwa maselo amenewo. Mazira a mwana wamkazi amapangika iye adakali m'mimba, ndiye kuti theka lako linaikidwa padera amayi ako ali m'mimba mwa agogo ako ku Chiradzulu, kachiromboko kasanawafike."

Anakhala chete, kenako anafunsa ngati ndiye kuti khansa yakumtundu kulibe. Ndinamuuza kuti ilipo, koma ndi pafupifupi 5 mpaka 10 mwa khansa 100 zilizonse. Popeza pafupifupi jini lililonse tili nalo pawiri, la amayi ndi la abambo, mlonda aliyense ali ngati chitseko cha maloko awiri. Mu 1971 Alfred Knudson anafufuza anthu 48 amene anadwala khansa ya m'diso ya ana, imene imachititsa kuti pakati pa diso paoneke poyera ngati diso la mphaka usiku. Anaona kuti ena amadwala adakali makanda, nthawi zambiri maso onse awiri, pamene ena amadwala atakulako, diso limodzi lokha. Iye anati oyambawo amabadwa loko mmodzi ali wothyoka kale m'selo lililonse, choncho kumangotsala kuthyola mmodzi, pamene enawo amafunika ngozi ziwiri zigwere selo limodzi lomwelo. Jini limene anali kulilondola ndi lija lopanga Rb, mlonda yemwe E7 imamuchotsa pachitseko. Palinso majini a BRCA1 ndi BRCA2, amene anapezeka mu 1994 ndi 1995, amene ntchito yawo ndi kulumikiza DNA yoduka. Mayi wobadwa ndi limodzi la amenewa lili lowonongeka amakhala pachiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mawere ndi ya m'thumba la mazira. Banja limene khansa yofanana ikubwereza mwa abale angapo, ikugwira anthu adakali achinyamata, kapena ikugwira mabere onse awiri, liyenera kuuza dokotala mbiri imeneyo. Ngakhale pamenepo munthu amatengera chiopsezo chokha, ndipo alipo ena amene amakalamba nacho osadwala.

Sindinamubisire kuti mmene chitetezo cha m'thupi chimalimbanirana ndi tizirombo mumakhala kutengera pang'ono. Koma khansa ya amayi ake pafupifupi nthawi zonse imafuna kachiromboko kuti iyambe, ndipo kachirombo ndi chinthu chimene tingathe kuchitsekera kunja.

## Kumudzi

Kwa amayi kunali kovuta. Ndinapita kumudzi nthawi yokolola, ndinawapeza akutonola chimanga, ndipo ndinayamba ndi kupepesa kuti liwu limene ndinawauza m'chipinda muja silinali la dokotala, linali langa, ndipo silinkatanthauza mizimu. Ndinaleka kunena za majini. Ndinawauza kuti m'thupi muli malangizo amene kanyama kalikonse kamatsatira, kuti kachirombo kosaoneka ndi maso kanalowa n'kufufuta mbali ya malangizowo, monga anankafumbwe amalowera m'nkhokwe popanda wowatuma, ndipo kuti chotupacho unali mnofu wa mwana wawo womwe umene unaiwala poimira.

Anamvetsera manja akupitiriza ntchito. Kenako anati: "Ndamva, mwananga. Koma anankafumbwe amalowa nkhokwe zonse. Nanga ichi chinasankhiranji mwana wanga?" Ndinawayankha kuti kachiromboko nako kamalowa pafupifupi mwa onse, kuti mwa ambiri kamachoka kokha, ndipo kuti mwa achemwali kanakhala zaka zambiri popanda woyang'anamo. Ndinaona kuti yankholi silinafike pamene funso lawo linachokera, ndipo sindinawakakamize, pakuti mayi amene waika mwana wake m'manda ali ndi ufulu wofunsa funso limenelo moyo wake wonse. Sanandiuze kuti avomereza. Chimene ndaona n'chakuti kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso dzina la mayi wa kumsika uja. Kwa mayiyo ndinapita ndekha ku Limbe kukapepesa m'dzina la banja. Anandipatsa mpando kuseri kwa mulu wa majuzi, ndipo anandiuza kuti tsiku la maliro sanatsegule belo, anakhala m'nyumba akulira yekha.

## Buku la kuchipatala

Mu Januwale 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse, litayesa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira mu 2013. Katemerayu ndi chigoba chabe cha kachirombo, chopanda DNA, chopanda E6 kapena E7, chimene chimaphunzitsa thupi kuzindikira kachirombo kenikeniko kasanalowe m'selo. Nditawerengera zaka ndinaona kuti mwana wa achemwali anali wa msinkhu umenewo mu 2019. Iye ankakumbukira kuti anabayidwapo jakisoni kusukulu, ndiponso kuti anzake ena anathawa chifukwa makolo awo anamva mphekesera yakuti katemerayo ndi woletsa kubereka, koma sankadziwa kuti unali wa chiyani.

Tinatsegula sutikesi ya amayi ake, imene inali isanatsegulidwe chichitikireni maliro. Pansi pa zitenje, m'jumbo yomangidwa bwino, munali buku lake la kuchipatala, ndipo m'kati mwake munali kakhadi kolembedwa HPV ndi tsiku la mu Januwale 2019. Tsikulo linali limodzi lokha, ndipo iye anada nkhawa kuti mwina sanamalize. Ndinamuuza kuti mu 2022 bungwe la WHO linanena kuti kwa mtsikana wa chitetezo chabwino kubayidwa kamodzi kumateteza mokwanira, koma tinagwirizana kuti tikaonetsebe khadilo kwa namwino. Ndinamuuzanso kuti katemerayu sateteza ku mitundu yonse yoopsa, choncho akadzakwanitsa zaka 25 adzayenera kuyamba kuyezetsa ngati mayi wina aliyense, ngakhale asakumva kupweteka paliponse.

Anagwira khadilo nthawi yaitali. Anati akukumbukira tsopano kuti tsiku limenelo mkono unkamuwawa, ndipo amayi ake pochokera kumsika anamubweretsera mandasi awiri, n'kumuuza kuti wachita bwino kusathawa. Kenako anapempha cholembera changa chofiira, chija ndimachongera makope, n'kulemba 2034 pachikuto cha bukulo.